Firiji yasiya kuzizira, buleka ikugwa mvula ikabwera: tigule jenereta kapena invata?

Funso: Ndimakhala ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe, m'nyumba ya lendi. Mwezi wathawu magetsi anathima kwa maola angapo, ndipo atayaka firiji yathu inangong'ung'udza pang'ono n'kukhala chete. Mpaka lero siikuzizira, chonsecho ndimagulitsa mafilizesi ndi thobwa. Komanso mvula ikangogwa buleka ya m'nyumba imagwa, moti a landilodi akuti aitana mnyamata wina adzailumphitse kuti isamativute. Tasonkhanitsa kandalama pang'ono. Kodi tigule jenereta kapena invata ndi batire? Ana amafunika kuwerenga madzulo.

Yankho: Mayi, ndalamazo musathamange nazo kusitolo. Pa zonse mwafotokozazi, chimene chandiimitsa mutu si firiji ayi, koma mnyamata amene a landilodi akufuna kuitanayo. Tiyambe ndi iyeyo.

Mukatsegula kabokosi ka mabuleka kali pakhoma, muona timabuleka ting'onoting'ono tingapo, ndipo pambali pake pali ina yotakata yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST. Ting'onoting'onoto timateteza mawaya kuti asatenthe mukalumikiza zinthu zambiri kapena mawaya akagundana. Yotakatayo, imene timaitcha earth leakage, imateteza munthu. Ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi amene akulowa m'nyumba kudzera pa waya wa live ndi amene akubwerera pa waya wa neutral. Awiriwa amayenera kufanana. Akasiyana, ndiye kuti magetsi ena apeza njira ina yotulukira, mwina khoma lonyowa, mwina paipi ya madzi, mwina thupi la mwana wanu. Zambiri za m'nyumba zimagwa kusiyanako kukafika ma milliamp 30, ndipo nambala imeneyi inasankhidwa dala, chifukwa magetsi opitirira pamenepo akadutsa pachifuwa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Ndiye ngati imene ikugwa pamvula ndi imeneyo, buleka siinawonongeke. Ikugwira ntchito yake, ikukuuzani kuti penapake madzi akukumana ndi magetsi. Kuilumphitsa sikuchotsa madziwo. Magetsi adzapitirira kutayikira m'khoma kapena pamalata, ndipo woyamba kudziwa adzakhala amene wagwira mpope, chitseko chachitsulo kapena waya woyanikapo zovala ali wosavala nsapato.

Malo amene pali vuto mutha kuwapeza nokha osagwira waya uliwonse. Tsiku limene yagwa, pukutani m'manja, valani nsapato, tsitsani timabuleka tonse ting'onoting'ono, kenako kwezani yaikuluyo. Ikakhazikika, yambani kukweza ting'onoting'onoto kamodzikamodzi. Kamene kadzagwetse yaikulu ndi kamene kali ndi mlandu. Kasiyeni pansi, tinato tikwezeni, nyumba iwale mbali zinazo. Ngati kali ka masoketi, zulani mapulagi onse, kwezaninso, n'kumabwezera chinthu chimodzichimodzi mpaka mupeze chogwetsa. Kuzimitsa kokha pa switchi sikukwanira, pulagi ichoke pakhoma, chifukwa nthawi zina vuto limakhala pa neutral, ndipo switchi zambiri sizidula neutral.

Kawirikawiri wolakwa amakhala babu wa panja amene chivundikiro chake chinang'aluka, kapena mfundo ya mawaya kudenga imene ili pansi pa lata lodontha. Pena ndi waya wopita kukhitchini ya panja kapena kunyumba ya kuseri amene anangokwiriridwa m'dothi wopanda paipi. Makoswe nawonso amaluma mawaya musiling'i. Zonsezi zimakonzeka tsiku limodzi. Kwa a landilodi pitani ndi zimene mwapezazo, muwauze kuti ndi buleka yakutiyakuti, mbali yakutiyakuti ya nyumba, ndipo muwakumbutse mwaulemu kuti nyumba ikapsa kapena munthu akafera pamenepo, mlandu ndi chitayiko zidzakhala zawo. Wobwera kudzakonza akhale ndi chiphaso. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa olumikiza magetsi m'nyumba, ndipo si chipongwe kumufunsa munthu kuti akuonetseni chake. Akabwera, muuzeni ayezenso earth ya nyumba yonse, waya uja amene amapititsa magetsi otayika m'nthaka. Nyumba zina za lendi zili ndi masoketi a mabowo atatu koma bowo lapamwambalo silinalumikizidwe kulikonse, kapena chitsulo chimene chinakhomedwa pansi panja chinadyeka kalekale. Kabatani ka TEST kaja muzikadina miyezi ingapo iliyonse. Buleka ikapanda kugwa mutadina, imeneyo ndiye yofunika kusintha.

Tsopano firiji. Musafulumire kuilira maliro. Mwati inang'ung'udza kenako n'kukhala chete. Ikamatero, kung'ung'udza masekondi angapo, kenako kumveka kuti "tcha", n'kudzabwerezanso pakapita mphindi zingapo, nthawi zambiri chimene chapsa ndi kachipangizo kakang'ono kokhala pambali pa kompuresa (mota imene imapopa gasi woziziritsa firiji), kotchedwa relay, kamene kamathandiza mota kudzuka. Kameneka ndi kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Wokonza mafiriji woona mtima amayamba wachotsa kameneka, n'kuyeza kompuresa ndi mita yake inu mukuona. Akangofika, kuyang'ana ndi maso, n'kunena kuti kompuresa yapita kapena gasi watha, funani wina. Gasi sathera kuthima kwa magetsi. Pakali pano izuleni pakhoma, chifukwa kuyesayesa kudzuka kumeneko n'kumene kumamaliza kompuresa imene ikanapulumuka.

Chimene chimapha firiji si mdima, ndi mphindi zoyamba magetsi akabwera. Kompuresa ikamagwira ntchito imapanikiza gasi mbali imodzi ya mapaipi. Ikaima, pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu kuti mphamvu ya gasiyo ifanane mbali zonse. Magetsi akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, monga amachitira akamabwezeretsedwa, mota imayesa kudzuka gasi akadali wopanikizika. Zili ngati wakabaza amene waima pakati pa chitunda ndi matumba awiri a chimanga, n'kumafuna kuyamba kupalasa pomwepo. Pa nthawi yomweyonso, m'dera lonse makuka, magiza, masimbi ndi mafiriji amene anasiyidwa oyatsa amadzukira limodzi, ndiye mphamvu ya magetsi imatsika pansi pa ma volt 230 amene timayenera kulandira. Anthu ambiri amaopa magetsi okwera okha, koma kwa mota otsika ndi oopsanso. Ikalephera kuzungulira imakoka magetsi ochuluka, mawaya a mkati mwake n'kutentha.

Mankhwala ake alipo awiri. Aulere ndi akuti magetsi akathima muzizimitsa pakhoma firiji, TV, dikoda ndi china chilichonse chodula, n'kusiya babu mmodzi woyatsa kuti akudziwitseni akabwera. Akabwera dikirani mphindi zisanu kapena khumi, muone ngati babuyo akuwala mokhazikika, kenako muziyatsa chimodzichimodzi. Koma inu mumachoka pakhomo kukagulitsa malonda, ndipo magetsi sabwera pa nthawi imene muli pafupi ndi switchi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula ndi ndalama mwasonkhazo chikhale fridge guard. Ndi kabokosi kolowetsa pasoketi, firiji n'kulowa pa iko. Kamadula magetsi akakwera kapena akatsika mopyola muyezo, ndipo akabwera kamadikira mphindi zingapo kasanalumikize. Musakasokoneze ndi ekisitenshoni yolembedwa kuti surge protector, imene imangoteteza ku kukwera kwadzidzidzi koma siidikira ndipo siidziwa za magetsi otsika. Ka TV kaliponso kakekake.

Pali vuto lina limene ndikufuna mulidziwe ndi maso, chifukwa limapsereza katundu wa mzere wonse wa nyumba usiku umodzi. Kuchokera pa thiransifoma pamabwera mawaya atatu a live ndi mmodzi wa neutral, ndipo nyumba zimagawidwa pa atatuwo. Pakati pa live ndi neutral pali ma volt 230, koma pakati pa live ndi live mnzake pali 400. Neutral ikaduka, kaya chifukwa cha mphepo, dzimbiri pa mfundo kapena akuba mawaya a kopa, nyumba zina zimalandira magetsi ochepa kwambiri pamene zina zimalandira okwera kuyandikira 400. Chizindikiro chake n'chakuti mababu amawala mopitirira muyezo kenako n'kuzilala, kwanu kukuwala kwambiri pamene kwa aneba kuli ngati kandulo, kapena aneba akayatsa kuka babu wanu amasintha kuwala. Mukaona zimenezo musayambe kuzula mapulagi chimodzichimodzi. Thamangirani pa main switch, tsitsani, uzani aneba achite chimodzimodzi, ndipo imbirani a ESCOM ku faults. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya dandaulo imene akupatseni, chifukwa ngati katundu wapsa mudzaifuna. Vuto la kunja kwa mita si la mnyamata wa m'dera, ndipo asakwere pa pholo.

Musanasankhe chogula, ndi bwino kudziwa mtundu wa kuthima kumene mukukonzekera. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo opangira magetsi amene amayendetsedwa ndi kampani ya EGENCO chiigawireni ESCOM mu 2017. M'dzinja mtsinjewu umabwera ndi zinyalala, namasupuni ndi matope zimene zimatseka polowera madzi, ndipo makina amaimitsidwa kuti achotse. M'chilimwe madzi akachepa magetsinso amachepa. Uku ndi kuthima kwa maola, kumene kumakonda madzulo pamene aliyense akuphika. Koma mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo tinakhala m'kuthimathima kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku mpaka 2023. Sola ya ku Salima ya ma megawatt 60 ndi ya ku Golomoti ya 20 zinathandizako, komabe sola yambiri imabwera masana, osati nthawi imene ana anu akufuna kuwerenga. Izi ndikunenera kuti batire lodalira magetsi a ESCOM okha kuti lidzaze limakukhumudwitsani pa nthawi imene mukulifunitsitsa. Magetsi akamabwera maola ochepa usiku, silidzaza, ndipo batire la asidi likamakhalira losadzaza limafa msanga.

Jenereta, kwa inu, ine ndikuti ayi. Ku Chilinde nyumba ndi zothithikana, ndipo jenereta imafuna kukhala panja, pamtunda wa mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo, anu ndi a aneba omwe. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo, osadzukanso. Ndiye chimene chimachitika n'chakuti poopa akuba ndi mvula anthu amailowetsa pakhonde, m'khitchini kapena m'bafa, ndipo pamenepo m'pamene mabanja amathera. Onjezanipo petulo amene nthawi zina timamugonera pamzere, oilo wofunika kusintha, ndi phokoso limene lidzakudanitsani ndi mpanda wonse. Phindu la mafilizesi lingathere m'thanki. Amene ali ndi malo ndipo aigulabe, asailumikize ku nyumba polowetsa waya pasoketi. Pamafunika changeover switch yoikidwa ndi wodziwa, imene imadula ESCOM isanalumikize jenereta. Popanda imeneyo magetsi a jenereta amabwerera m'mawaya a panja, thiransifoma n'kuwakweza, n'kupha munthu amene akukonza pa pholo akudziwa kuti laini ndi yozimitsa. Petulonso sathira injini ikutentha.

Invata, chipangizo chimene chimasintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a pasoketi, ndi yabwino, koma ogulitsa ambiri amakuuzani kukula kwa invata osakuuzani kukula kwa batire, pamene nkhani yonse ili pa batire. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la ma volt 12 lolembedwa 100Ah limasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, amene ndi ma watt-hour 1,200, kapena kuti yuniti imodzi ndi pang'ono ya mayunitsi amene mumagula aja. Ngati ndi la asidi kapena la gel, simuyenera kulimwa kupyola theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600. Invata nayo imadyapo yake posintha magetsi, mutsale ndi pafupifupi 500. Tsopano mababu asanu a LED a ma watt 9 ndi 45. TV yapakatikati tiyike 60, dikoda 15, kutchaja mafoni 20. Zonse pamodzi ndi 140. Gawani 500 ndi 140, mupeza maola atatu ndi theka. Mukazimitsa TV ndi dikoda, mababu ndi mafoni okha akhoza kufika maola asanu ndi awiri. Ndi zimenezo basi zimene batire limodzi lingachite.

Firiji pamenepo siikwanapo. Yapakatikati imadya pafupifupi yuniti imodzi kapena kuposerapo patsiku, ndipo podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imadya ikamayenda. Kuti muiyendetse pamafunika invata ya pure sine wave (yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM) ya mphamvu zokwanira, mabatire angapo kapena la lithium, ndi mapanelo a sola olidzazitsa masana. Invata zotchipa za modified sine wave zimayatsa mababu bwinobwino koma zimatenthetsa mota. La lithium la mtundu wa LiFePO4 mutha kulimwa mpaka magawo 80 kapena 90 pa 100 alionse ndipo limakhala zaka zambiri kuposa la asidi, koma mtengo wake si wa kandalama pang'ono. Ketulo, simbi, hotipuleti ndi giza musaziganizire n'komwe. Ketulo yokha imakoka pafupifupi ma watt 2,000, ndipo ingamalize batire lija pa kotala ya ola. Batire la galimoto nalo silinapangidwire ntchito imeneyi. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu zambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo mukamalimwa usiku uliwonse silimaliza miyezi yambiri.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanagawa mavuto awiriwa. Kuwerenga kwa ana n'kotchipa kukonza. Alipo mababu a LED okhala ndi batire mkati, amene amalowa pa holder wamba, amadzitchaja magetsi akakhalapo ndipo amawalabe maola angapo akathima. Awiri kapena atatu akwanira pabalaza ndi kuchipinda. Kuposa apo, kasola kakang'ono ka panelo imodzi, mababu atatu kapena anayi ndi potchajira foni sikadalira ESCOM n'komwe, sikafuna kuboola makoma a eni ake, ndipo tsiku losamuka mumangokanyamula. Kwa munthu wa lendi mfundo yomalizayi ndi yaikulu.

Za malonda anuwo, chida chanu ndi kuzizira kumene mwasunga kale. Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya bwino kwa maola pafupifupi 4. Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imatha kufika maola 48, ndipo yodzaza theka pafupifupi 24. Choncho malo alionse opanda kanthu mufiriza dzazanimo mabotolo a madzi, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma. Magetsi akathima, tengani mafilizesi a tsikulo kamodzi, muwaike mu cooler box ndi mabotolo awiri oundana, firizayo musaitsegulenso. Mwana aliyense wobwera ndi ndalama yake akamatsegulitsa chitseko, maola 48 aja amachepa kwambiri. Ngati kompuresa yapsadi ndipo mukuyenera kugula china, pa malonda anu firiza yotsegula pamwamba ndi yabwino kuposa firiji yoimirira, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, sutayika msanga mukatsegula chivundikiro. Nyama kapena nsomba imene yasungunuka n'kufunda musaiumitsenso kuti mudzadye mawa. Ngati yasungunuka koma ikadali yozizira kwambiri, iphikeni tsiku lomwelo.

Moto wambiri wa nthawi ya kuthima kwa magetsi suchokera kwa ESCOM. Munthu amasita, magetsi n'kuthima, simbi n'kuisiya pa malaya osazimitsa pakhoma. Kapena poto wa mafuta ali pa hotipuleti, mayi n'kusamukira pa mbaula panja, magetsi n'kubwera pakati pa usiku onse ali m'tulo. Muzolowere kuti akangothima, choyamba ndi kuzungulira nyumba kuzimitsa chilichonse chotentha. Kandulo isayandikire neti ya udzudzu kapena katani, ndipo isasiyidwe ndi ana okha. Mbaula ya makala imatulutsa mpweya womwe uja wa jenereta, ndiye mu Juni ndi Julayi, kuzizire bwanji, isagone m'chipinda chotseka.

Yang'ananinso mapulagi anu. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi mkati, yaikulu kwambiri ndi ya ma amp 13, kutanthauza pafupifupi ma watt 3,000. Ekisitenshoni yonse, ngakhale ikhale ya mabowo asanu, imadutsira pa fyuzi imodzi yomweyo, ndiye ketulo ndi simbi pamodzi zapyola kale. Fyuzi ikapsa anthu amakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndipo kuyambira pamenepo chimene chidzapse ndi chingwe. Kulowetsa mawaya opanda pulagi pasoketi ndi timitengo ta machesi n'chimodzimodzi. Soketi imene yada, ikutentha mukaigwira, ikulira kuti "tsss" kapena ikununkha ngati pulasitiki wopsa, mkati mwake muli waya wokhwepa, isiyeni mpaka isinthidwe. Firiji ikhale ndi soketi yakeyake pakhoma. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, tsitsani main switch kapena mukankheni ndi mtengo wouma, ndipo apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Moto wa magetsi sathira madzi magetsiwo asanazimitsidwe.

Mukadzafika pogula batire, kaya la kasola kaya la invata, linyamuleni musanalipire. La asidi kapena gel la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 30, chifukwa mkati mwake ndi mtovu. Mukalinyamula ndi dzanja limodzi mosavuta, nambala yalembedwa pamwambayo ndi yabodza. Mapanelo nawonso amalembedwa ma watt amene alibe, ndiye yerekezani kukula kwake ndi ena a nambala yomweyo m'sitolo ina. Funsani kuti chitsimikizo chake ndi cha miyezi ingati, achilembe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya batirelo, ndipo lisitiyo muisunge. Kunyumba liikeni pamalo opita mphepo, pa thabwa, kutali ndi mbaula ndi kandulo, chifukwa la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene umayaka.